Mild, porter kapena stout: wakuda uti woyambira ukafika pa festival ya real ale?

Masamba akangoyamba kuthothoka kuno ku UK, mdima nkumagwa msanga, ine mtima umakhala uli pa mowa wakuda basi. Nyengo yotentha ma pabu amadzaza ndi mowa woyera wa ma hops ambiri uja (timaluwa tomwe timapatsa mowa kuwawa ndi fungo), wonunkhira ngati malalanje, koma October akangofika ma pampu amayamba kusintha, uku porter, uku stout, penapake old ale, ndipo ndi nthawi yomweyonso ma festival a real ale a m'madera amayamba kutsatizana. Anzanga angapo akumudzi omwe tili nawo kuno ku Midlands akhala akundifunsa kuti amwene, ukalowa mu holo nkupeza migolo yambirimbiri itandandalikidwa, mayina onse achilendo, umayambira pati? Ndiye ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge.

Choyamba tichotse maganizo aja tinakula nawo oti mowa ukada ndiye kuti ndi waukali. Kwathu sitauti timaitenga ngati mowa wa akuluakulu, woti ukamwa awiri basi wamaliza, ndiye munthu akaona tambula yakuda bii amayamba kale mantha. Koma kudako kumachokera ku chimera. Chimera cha balere amachiumitsa pamoto, akachiumitsa pang'ono mowa umatuluka woyera, akachikazinga mpaka kuda ngati khofi mowa umada, ndipo chimera chakudacho safuna chambiri, kagawo kochepa kamakwanira kudetsa mowa wonse. Makina okazingira chimera mpaka kuda osapserera anawalembetsa ndi Daniel Wheeler mu 1817, ndipo kuchokera apo ndi pomwe ofulula anayamba kugwiritsa chimera choyera chambiri nkuonjezera chakuda pang'ono. Ukali wa mowa umachokera kwina, umatengera kuchuluka kwa shuga amene isiti yadya. Ndiye utha kupeza wakuda wa 3% komanso woyera wa 7%, diso silingakuuze, werenga nambala yomwe yalembedwa pa mgolo.

Nanga real ale ndi chani? Mawuwa anawatchukitsa ndi a CAMRA (Campaign for Real Ale), bungwe lomwe anayambitsa amuna anayi a ku England mu 1971 atatopa ndi mowa wa mu keg, wosefedwa nkupoperedwa gasi mu mgolo wachitsulo, womwe unkalanda malo m'ma pabu nthawi imeneyo. Kwa munthu amene anakulira pafupi ndi mbiya ya masese tanthauzo lake silovuta olo pang'ono. Mowa uja akaufulula sausefa kuti isiti yonse ichoke, sautenthetsanso kuti ufe, amauthira mu mgolo womwe amati cask isiti ikadali yamoyo, ndiye umapitiriza kuwira pang'onopang'ono mu cellar ya pabu mpaka upse bwino. Kagasi komwe umamva palilime ndi kake komwe, sikopopera ayi. Amene munamwako Chibuku mukudziwa kuti paketi ya lero ndi ya mkuja sizikoma mofanana, ina ikadali yotsekemera ina yayamba kuwawasa, chifukwa mowawo uli moyo. Cask nayonso ndi choncho, ikangotsegulidwa mpweya nkuyamba kulowa imakhala ndi masiku atatu kapena anayi basi. Mgolo wofala kwambiri amautcha firkin, umalowa magaloni 9, omwe ndi ma pint 72, ndipo pint imodzi ndi 568 ml. Amausunga pa madigiri 11 mpaka 13. Anthu ena amati a ku Britain amamwa mowa wotentha, sizoona, umazizira ngati madzi a mumtsuko wadothi, ndipo kwa mowa wakuda kuzizira kumeneko ndiye koyenera chifukwa ukauziziritsa ngati Green ya mufiliji fungo lonse la chimera limabisala.

Tsopano tiyerekeze. Ndiyamba ndi mild chifukwa ndi umene anthu ambiri amaudumpha, ndipo zimandipweteka. Dzinali poyamba silinkatanthauza kuti ndi wofooka, linkatanthauza mowa watsopano womwe sunasungidwe nthawi yaitali kuti uwawase. Mpaka cha m'ma 1950 ndi umene unkagulidwa kwambiri m'ma pabu a ku England, makamaka ku Black Country, dera la kufupi ndi Birmingham, ndi kumpoto komwe kunali migodi ndi mafakitale achitsulo, anthu akaweruka atatha thukuta tsiku lonse pafupi ndi ng'anjo ankafuna chinthu chotsekemera pang'ono, chosawawa, choti amwe ma pint angapo mawa nkudzukabe kupita kuntchito. Kenako unayamba kuonedwa ngati mowa wa agogo, ma pabu ambiri nkusiya kuugulitsa. Nchifukwa chake a CAMRA amaulimbikitsa mwezi wa May chaka chilichonse, amati Mild May.

Kukoma kwake ndi kofatsa, kachimera kokazinga, kachokoleti pang'ono, nthawi zina ngati shuga wabulauni kapena mtedza wokazinga, ma hops ochepa kwambiri. Ambiri amakhala pakati pa 3% ndi 3.6%. Black Cat wa Moorhouse's ku Burnley ndi 3.4% ndipo anapambana mpikisano wa CAMRA wa Champion Beer of Britain mu 2000, Hobsons Mild wa ku Shropshire anapambana mu 2007, Ruby Mild wa Rudgate kufupi ndi York ndi wokwererako, 4.4%, anapambana mu 2009. Ndiye si mowa wachabechabe ayi, oweruza amaulemekeza. Ubwino wake waukulu pa festival ndi woti umakupatsa mpata wocheza. Pint ya 3.4% ili ndi ma unit (muyeso wa kuchuluka kwa alcohol) osakwana 2, pomwe pint ya 6.5% ili ndi pafupifupi 3.7, ndipo malangizo a zaumoyo kuno amati tisapyole ma unit 14 pa sabata, ndiye masamu ake mukuwaona nokha. Kuipa kwake ndi koti mild sabisa cholakwa. Poti ndi wopepuka, mgolo ukakhala tsiku limodzi mopyola umangomveka ngati madzi otsekemera, ndipo ukaumwa utamwa kale stout yamphamvu suumva chilichonse. Uyenera kukhala woyamba pakamwa pakadali poyera.

Pali mild mmodzi wosiyana ndi anzake yemwe ndiyenera kumutchula, Dark Ruby wa Sarah Hughes, amene amafululidwa kuseri kwa Beacon Hotel ku Sedgley. Ameneyu ndi 6%, amatsata maphikidwe a m'ma 1920, ndipo amakumbutsa kuti kale mild sankakhala wofooka nthawi zonse. Amakoma ngati zipatso zouma zakuda ndipo amatsika mosavuta kuposa mmene nambala yake ikunenera, ndiye ukamupeza tenga half, theka la pint, usatengeke ndi dzina loti mild.

Porter ndiye wanga wapamtima, sindibisa. Anabadwira ku London m'zaka za m'ma 1700 ndipo dzina lake linachokera kwa amtengatenga omwe ankanyamula katundu m'misewu ndi m'madoko a mumzindamo, omwe ankaukonda kwambiri. Ndi mowa womwe unalemeretsa makampani akuluakulu oyamba ofulula mowa ku London, ankausunga m'matanki amatabwa akuluakulu ngati nyumba, moti mu October 1814 thanki ina inaphulika pa Horse Shoe Brewery ya Meux pa Tottenham Court Road, mowa unasefukira m'nyumba za anthu osauka oyandikana nayo ndipo anthu 8 anamwalira. Kenako porter anazilala, pakati pa zaka za m'ma 1900 anali atatsala pang'ono kutheratu ku Britain, mpaka ofulula ang'onoang'ono anamudzutsanso chakumapeto kwa ma 1970.

Chomwe ndimamukondera ndi choti ali pakatikati. Ali ndi thupi kuposa mild koma sawawa mopserera ngati stout zina, umamva chokoleti, khofi wosawawitsa, nthawi zina kautsi pang'ono ngati chimanga chootcha chomwe chakhudza makala. Ndipo mu cask porter amafewa mwanjira yomwe botolo silingathe. London Porter wa Fuller's ku Chiswick ndi 5.4%, amapezeka kwambiri m'botolo koma ukampeza pa pampu nyengo yozizira usamusiye. Plum Porter wa Titanic ku Burslem, Stoke-on-Trent, ndi 4.9% ndipo ndi amene ndimapatsa munthu aliyense wonena kuti ine mowa wakuda sindimwa, chifukwa fungo la plum limabwera patsogolo kuwawa nkubwera pambuyo, ngakhale ena amati amatsekemera mopyola ndipo pint yachiwiri imawakola, zomwe ndimazimvetsa. Kenako pali 1872 Porter wa Elland ku West Yorkshire, 6.5%, yemwe anapambana Champion Beer of Britain kawiri, mu 2013 ndi mu 2023. Ameneyo ndi wolemera, wa khofi ndi chokoleti chakuda, woti ukhale naye pansi osati kumwa uli chiimire ukuyang'ana wotsatira. Vuto la porter ndi loti dzinali ndi lotakata, wina 4% wina 7%, wina wathiridwa vanila, wina khofi, wina coconut, ndiye sungangoti ndipatseni porter nkudziwa chomwe chikubwera. Pempha kulawa kaye, pa festival ndi m'ma pabu abwino amakuthirira kadontho osakulipiritsa.

Stout ndi mwana wa porter, poyamba ankati stout porter kutanthauza porter wamphamvu, kenako mawu achiwiriwo anagwa. Masiku ano malire ake sakuoneka bwino, wofulula wina atha kutcha stout chomwe mnzake angatche porter, koma kawirikawiri stout imakhala ndi kuwawa kwa balere wokazinga, kouma pakhosi. Aliyense amaganiza za Guinness, ya kampani yomwe Arthur Guinness anaikhazikitsa pa St James's Gate ku Dublin atasaina lendi ya zaka 9,000 mu 1759. Koma Guinness ya pa pampu ija si real ale, ndi ya mu keg, imatuluka ndi nitrogen, njira yomwe inayamba mu 1959, ndipo thovu lake losalala ngati kirimu limachokera pamenepo. Ili cha m'ma 4%, yocheperapo mphamvu kuposa ma lager ambiri omwe anthu amamwa osaopa. Ubwino wake ndi woti kulikonse imakoma pafupifupi chimodzimodzi, ndiye ndikalowa pabu yomwe sindikuidziwa ndipo ndikukaikira kasamalidwe ka cask, ndimatenga imeneyo mtima uli m'malo. Koma nitrogen ndi kuzizira zimaphimba fungo. Foreign Extra Stout ya m'botolo, yomwe timaipeza m'mashopu a zakudya za ku Africa, ndi nyama ina, 7.5%, yowawa ndi kowawasa pang'ono, imafululidwanso ku Lagos kuyambira kumayambiriro kwa ma 1960, ndipo ndikuganiza kuti ndi stout za mtundu umenewu zomwe zinatipatsa maganizo oti wakuda aliyense ndi woopsa.

Amene munakhalako ku Joni mukuidziwa Castle Milk Stout ya 6%. Milk stout simuthiridwa mkaka weniweni, muli lactose, shuga wa mumkaka yemwe isiti ya mowa siingathe kumudya, ndiye amatsalira nkupatsa mowa kutsekemera ndi thupi. Kuno yakale yodziwika ndi Mackeson yomwe inayambira ku Hythe ku Kent, 2.8% chabe. Ngati mkaka umakuvuta m'mimba funsa kaye, chifukwa stout zambiri zatsopano amaika lactose osailemba pa dzina, monga Broken Dream ya Siren ku Berkshire, 6.5%, ya khofi ndi lactose, yomwe inapambana Champion Beer of Britain mu 2018. Oatmeal stout amaonjezera oats kuti isalale pakamwa, ya Samuel Smith ku Tadcaster ndi 5% ndipo ndiyoyenera kukhala nayo kunyumba. Pa zonsezi ine ndimasankha stout youma ya mu cask ya 4% mpaka 5%, zotsekemera kwambiri zija zomwe amazipanga kuti zikome ngati keke ndimalawa kamodzi nkupitirira.

Otsala ndi amphamvu a nyengo yachisanu. Old Peculier wa Theakston ku Masham ndi 5.6%, wofiira moderako, wokoma ngati zipatso. Old Tom wa Robinsons ku Stockport ndi 8.5%. Imperial stout, yomwe inatchedwa choncho chifukwa inkatumizidwa ku Russia, imafika 9% ngati ya Harvey's ku Lewes, zina kupyola apo. Awa ndi omalizira, kakang'ono kamodzi, basi.

Tsopano malo ake, chifukwa mowa womwewo umasiyana kutengera komwe waumwera. Festival yaikulu ya CAMRA, Great British Beer Festival, inayamba mu 1977 ku Alexandra Palace ndipo kwa zaka zambiri inkachitikira ku Olympia ku London mwezi wa August. Inali yofunika kuiona olo kamodzi chifukwa cha kuchuluka kwa mowa, koma kwa munthu wokonda wakuda sindinkaiika patsogolo, inali nthawi yotentha, anthu anali ambiri, ulendo ndi malo ogona zinkadya ndalama, ndipo mtima wa anthu unkakhala pa mowa woyera. Zapakatikati ndi zomwe nthambi za CAMRA zimakonza m'mizinda yawo. Cambridge imachita yake mu May pa Jesus Green ndipo inayamba mu 1974, Peterborough mu August m'matenti, Nottingham ndi Norwich mu October, Dudley Winter Ales Fayre chakumapeto kwa November, Pig's Ear ku Hackney kumayambiriro kwa December. Kwa ine za October mpaka December ndiye zenizeni, chifukwa ofulula amakhala atatulutsa akuda awo onse ndipo holo ikazizira migolo imasungika bwino. Ya Cambridge ili ndi mwayi wina woti imagwera mu Mild May.

Kenako pali tating'onoting'ono, pabu ya m'dera yaika migolo khumi kapena makumi awiri kuseri, kapena kalabu ya rugby, kapena holo ya tchalitchi ikusonkhetsa ndalama zothandizira anthu. Izi ndimazikonda kwambiri chifukwa umapita wapansi kapena pa basi imodzi, umacheza ndi munthu amene wasankha mowawo, nthawi zina wofulula mwini wake ali pomwepo. Koma akuda amatha kukhala awiri kapena atatu okha, ndiye funsa mndandanda usanapite. Ma pabu a Wetherspoon nawonso amachita ma festival awo, mtengo ndi wotsika ndipo amalola kutenga ma third atatu osiyana (third ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a pint) m'malo mwa pint imodzi, njira yabwino yophunzirira kwa amene akungoyamba kumene.

Kusiyana kwina komwe anthu sakuuza ndi kathiridwe. Pa festival zambiri mowa umatuluka molunjika pa mpopi wa mgolo, ndiye umabwera ndi thovu lochepa kwambiri, munthu wozolowera Guinness atha kuganiza kuti wafa pomwe uli bwinobwino. Mu pabu amaukoka ndi pampu ya pamanja, ndipo kumpoto kwa England amaika kachitsekero ka timabowo kotchedwa sparkler komwe kamapanga thovu lokhuthala. Ine ndimaona kuti mild amakoma kwambiri pa pampu ya sparkler, pomwe porter wamphamvu amaonetsa fungo lake lonse akachokera pa mgolo molunjika. Mowa wofa umauzindikira ndi fungo, umanunkha ngati viniga. Ndinapatsidwapo wotere pa pabu ina, ndinaubweza mwaulemu ndipo anandisinthira osakangana, ndi ufulu wako, komanso zimathandiza mwini malo kudziwa kuti mgolo watha.

Ukafika pakhomo umalipira yolowera, mamembala a CAMRA amalipira yochepa kapena kulowa ulere, umatenga tambula yako yomwe uziyenda nayo tsiku lonse, ndipo malo ambiri umagula ma token kapena kakhadi komwe amachonga ukagula mowa. Matambula ambiri ali ndi mizere ya third, half ndi pint. Third ndi pafupifupi 189 ml, ndipo ndi imeneyo yomwe ndimalimbikitsa, ma third asanu ndi limodzi ndi ma pint awiri okha koma walawa mitundu isanu ndi umodzi. Ndondomeko yanga ndi iyi, mild awiri poyamba, kenako ndidye kaye, pie kapena roll ya tchizi ndi anyezi yomwe kuno ku Midlands amati cob, kenako porter awiri, stout imodzi, nkumalizira ndi wamphamvu mmodzi ngati alipo wondikopa. Madzi pakatipakati, tsukanso tambula chifukwa stout ya khofi imasiya fungo lomwe limaononga wotsatira. Pita Lachinayi kapena Lachisanu masana ngati shifiti ikulola, Loweruka madzulo migolo yabwino imakhala itatha ndipo akuda otchuka ndi omwe amayamba kutha. Galimoto isiye kunyumba, ona nthawi ya sitima kapena basi yomaliza usanamwe koyamba.

China chomwe anzanga amaopa ndi choti kodi kumeneko ife tikakhala omasuka, poti nthawi zambiri anthu akuda timakhala ochepa mu holo. Zoona timakhala ochepa. Koma omwe amathira mowa ndi anthu odzipereka osalipidwa, ambiri ndi achikulire omwe amakonda kufotokoza, ukangoti ndimakonda wakuda wosatsekemera kwambiri amakuyendetsa mgolo ndi mgolo. Ndinafotokozerapo bambo wina mmene amayi akumudzi amameretsera chimera cha mapira ndi chimanga nkuchiyanika padzuwa, anaitana anzake awiri kuti adzamve nawo, tinacheza mpaka nthawi yotseka.

Ndiye ngati ukufuna yankho limodzi, yamba ndi mild, khazikika pa porter, stout ibwere pambuyo. Ine ndapempha kale tchuthi cha kumapeto kwa November kuti ndikakhale ku Dudley tsiku loyamba migolo ikadali yodzaza, ndipo mawa lake ndikwera basi kupita ku Sedgley kukamwa half ya Dark Ruby pomwe amamufululira. Amene muli kufupi ndi Birmingham kapena Wolverhampton ndipo shifiti yakupatsani mpata, tiyeni tipitire limodzi, third yoyamba ya mild ndigula ndine.